Mutu 6: Zigamba za Phuma Paboda

1. Chinyumba m'masaka

Dzina lake lenileni linalipo, koma ngakhale aphunzitsi ake anali ataliiwala. Aliyense ankangomuti Phuma. Mtsikanayu ankayankha funso lisanathe, ankatsika basi isanaime, ndipo tiyi ankamwa akuuzira uku akupsa milomo. Bambo ake, amene ankamata matayala m'mbali mwa msewu waukulu, ankati mwanayu anabadwa mzamba asanasambe m'manja.

Tsiku limenelo Phuma sankakhazikika n'komwe pampando. Anali m'basi yochokera kutsidya kwa malire pamodzi ndi azakhali ake, amene anali katswiri wa geni yokapikula katundu kunja kwa dziko. Pansi pa basiyo, mosungira katundu, munali chinthu chimene m'dera lawo lonse munalibe: chinyumba chopopa, chija ana amadumphamo pa maphwando. Chinali chatsopano, chofiira ndi chachikasu, chokhala ndi tinsanja m'makona.

Nzeru yogula chinyumbacho inali ya Phuma. Atangolemba mayeso omaliza a sekondale anawavutitsa bambo ake usana ndi usiku, mpaka iwo anagulitsa njinga yawo yamoto.

"Mpweya ndi umene watilera m'nyumba muno," anatero bambowo pomutsanzika. "Ngati ukuti ana angalipire kuti adumphe pa mpweya, pita ukayese. Koma udziwe kuti njinga ina ndilibe."

Kasitomala woyamba anali atapezeka kale. Ahedi a sukulu ya mkaka ya pafupi ndi kwawo ankachifuna Loweruka, tsiku lotsekera sukulu.

Poopa fumbi ndi mafuta a m'basi, Phuma anali atachikulunga chinyumbacho m'masaka n'kusoka ndi chingwe mwamphamvu. Chinkangooneka ngati belo la zovala.

Basi itayamba kuchepetsa liwiro, azakhali anamugwira bondo.

"Tamvera iwe, usandimvere ndi khutu limodzi. Paboda si pamsika. Katundu wako usamusiye yekha, ngakhale chimbudzi chikupanikize bwanji. Akafuna kuona zamkati, masula wekha ndi manja ako, ndipo usawakwiyire, ndi ntchito yawo. Tsono nawonso ndi anthu, nthawi zina amaononga. Zikatero usachigwire chinthucho, usachisunthe, usachipukute. Uchisiye mmene chilili, uitane wamkulu wawo adzaone ndi maso ake. Ukangotuluka nacho pageti, nkhani yathera pomwepo. Ine mbale zanga zadothi zinaswekera pomwepa. Ndi mtima wanga wabwinowu ndinasesa zidutswa zonse kuti anthu angadzicheke, n'kukataya. Nditapita kukadandaula anandifunsa kuti, 'Mayi, mbale zake zili kuti?' Ndinabwerako ndi pepani yekha, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Wamva?"

"Ndamva, azakhali," anayankha Phuma, iwo asanatseke pakamwa. Maso ake anali pawindo. Ankasankha mtundu wa penti wolembera dzina lake pa chikwangwani.

2. Chitsulo chosongoka

Pa boda onse anatsika, ndipo katundu anatsitsidwira mu shedi yaikulu ya simenti. Munali matebulo aatali, sikelo yachitsulo pakona, ndi nkhunda zimene zinkayang'ana anthu kuchokera kudenga ngati nazonso zinalembedwa ntchito. Anthu anali ochuluka, kunja kukutentha, madalaivala akuliza mahutala.

"Ima pa belo lako," anatero azakhali. "Ndikukalipira msonkho pawindo apo. Kodindira mapasipoti tipita limodzi."

Phuma anaimadi, mwina nthawi yokwanira kumeza malovu. Kenaka anaona kuti mzere wa kodindira mapasipoti wafupika. Anaona ngati mwayi wotere sungabwerenso, ndipo analiyatsa liwiro.

Pobwerera anali akumwetulira, pasipoti ili m'mwamba. Kumwetulirako kunazima atafika pakhomo la shedi. Ofisala wina wachinyamata, wamtali, wa yunifolomu yositidwa bwino, anali ataponda belo lake ndi phazi limodzi. Ankasolola chitsulo chachitali chosongoka, chimene amabayira matumba pofufuza ngati mkati mwabisidwa zinthu.

"Mwini wa belo ili ndi ndani?" anafunsa ofisalayo. "Ndaitana kangapo. Ndi zovala zanji zolimba chonchi?"

"Si zovala!" anakuwa Phuma.

Anadula chingwe ndi mano, n'kung'amba masaka. Anthu anamuthandiza kutambasula, ndipo chinyumbacho chinadzaza pakati pa shedi, chofiira ngati moto. Ana awiri amene anali ndi mayi awo anayamba kale kudumpha pa simenti pomwepo.

Koma Phuma ankaona zina. Panali bowo pakhoma. Panali lina pansi podumphira, lina padenga, lina pa kansanja. Kulikonse kumene anatembenuza ankapeza kabowo kozungulira, kolowa chala.

Ofisala uja anavula chisoti. "Pepani, chemwali. Ndinafunika kudikira mwini wake amasule. Koma ine ndabaya kamodzi kokha."

Azakhali anatulukira malisiti ali m'manja. Anayang'ana chinyumba, anayang'ana chitsulo, kenaka anayang'ana pasipoti yodindidwa imene Phuma anali atagwira. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri Phuma.

"Za kuchoka kwako tikamba bwino lino," anatero. "Ndikukasaka bwana wamkulu, akuti ali uko kwa mathiraki. Iwe khala pomwepa."

3. Manja oyabwa

Phuma anakhala pansi pambali pa chinyumba chake, mtima ukuwawa. Ankaona nkhope ya bambo ake, ndi pakona pa khonde pamene njinga yamoto inkagona.

"Kodi chimenechi chingamatike?" anafunsa mayi wina wogulitsa nsalu, amene anakwera naye basi imodzi. "Kapena chatha basi?"

Limenelo ndi funso losayenera kufunsa mwana wa womata matayala. Phuma anayamba kumata machubu a njinga asanayambe sukulu. Iye akaona bowo manja ankamuyabwa.

"Chimatika," anatero akudzuka. "Taonani."

M'chikwama chake munali kabokosi kamene wogulitsa chinyumbacho anamupatsa, ka zigamba ndi guluu. Anadula chigamba chozungulira, chifukwa cha makona chimayamba kumatuka m'makonamo. Anapukuta malowo, anapaka guluu mopyapyala, anauzira pang'ono, n'kumata. Kenaka anabwereka botolo kwa kondakitala n'kupsinja nalo kuchokera pakati kupita m'mbali.

Chigamba chinakhala ngati chinabadwira pomwepo. Anthu anawomba m'manja.

"Mwana uyu ndi dokotala," anatero kondakitala. "Mata msanga, dokotala, tizipita. Dalaivala watukwana kale."

Phuma chimwemwe chinamubwerera. Anamata lachiwiri, lachitatu, akufotokozera anthu ngati mphunzitsi. Wina ankamugwirira lumo, wina ankamulozera bowo lotsatira. Loweruka linayambanso kuoneka. Anali atamaliza khoma lonse lakutsogolo pamene anamva chikwama chikugwa pansi kumbuyo kwake.

Anali azakhali, manja ali m'chiuno. Pambali pawo panaima bwana wamkulu wa pabodapo, mayi wa imvi m'mbali, magalasi atalendewera pa chingwe m'khosi.

Bwanayo anavala magalasi n'kuzungulira chinyumbacho mosathamanga. Anagwada, anakhudza chigamba chimodzi, n'kufunsa ofisala uja zimene zinachitika. Mnyamatayo sanabise kanthu.

"Chabwino," anatero bwana. "Wabaya mwini wake palibe, kumeneko n'kulakwa kwathu. Koma wabaya kamodzi. Bowo limodzi ndingalivomere. Nanga ena onsewa, kuyambira pakhoma mpaka padenga? Ndipo ndikuona zigamba. Ine ndidziwa bwanji kuti pansi pa zigambazi pali chiyani? Mwina munachigula chili chakale. Mwina makoswe anachilawa kumene chinkasungidwa. Sindikuti mukunama, koma ine ndimalemba zimene maso anga aona."

"Ndamata ndine, pompano," anatero Phuma. "Anthu onsewa aona."

"Anthu onsewa akukwera basi, mwanawe. Mawa ndikawapeza kuti?"

Azakhali anamukokera Phuma pambali. Ulendo uno mawu anatuluka onse.

"Ndinakuuza chiyani m'basi muja? Ndinkaimba nyimbo? Ine ndinasesa mbale, iwe wamata chinyumba, kupusa kwake n'kumodzi, koma ine panalibe amene anandichenjeza. Luso uli nalo, palibe akukana. Koma luso lopanda nthawi yake limaononga. Dokotala weniweni samanga bala la munthu wogundidwa ndi galimoto n'kunena kuti palibe chachitika. Iwe wapukuta misozi yako wekha, ndiye ukufuna akupatse chipukuta misozi cha chiyani? Bambo ako akuyenda wapansi chifukwa cha chinthu ichi. Ukawauza kuti chiyani, kuti anthu anakuwombera m'manja?"

Phuma anagwetsa nkhope. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

4. Guluu asanaume

Kunja basi inaliza hutala kawiri. Kondakitala anasuzumira mu shedi.

"Pindani tizipita, mayi. Mukamalizira kumata kwanu. Amene atsale atsala."

"Wamva," anatero azakhali. "Palisiti pali dzina lako, katundu ndi wako. Tikwere kapena titsale? Lero usankhe wekha."

Phuma anapsinja chigamba chimodzi ndi chala. Chinasuntha pang'ono. Guluu anali asanagwire kwenikweni, koma sakanachedwa. Akauma, chigamba sichichoka popanda kung'amba chinthucho.

"Titsale," anatero.

Analowetsa chikhadabo pansi pa chigamba choyamba chija, chokongola kuposa zonse, n'kuchimatula. Anthu amene ankamuwombera m'manja aja anadandaula.

"Dokotala wapenga," anatero kondakitala.

Phuma sanamumve. Ankathamanga ndi mawondo kuchoka pa chigamba china kupita pa china, akumatula. Zomalizira zinali zitayamba kulimba, moti anachita kukoka ndi mano. Bowo lililonse linabwerera poyera, lozunguliridwa ndi guluu wonyezimira.

"Mabowo ndawaona," anatero bwana. "Onse ndi ofanana, zimenezo ndavomera. Koma funso langa likadalipo. Chitsulo chalowa kamodzi."

"Chinali chopinda, bwana," anatero Phuma akupuma mwawefuwefu. "Kwathu chubu chikabooka chili chopinda, msomali umodzi umasiya mabowo awiri. Ichi chinapindidwa kambirimbiri. Mundilole ndichipindenso mmene chinalili."

Bwana anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Zoterezi ndinazionapo pa mpukutu wa makatani. Pinda tione. Koma likatsala bowo limodzi kumbali, usandivutitse."

Azakhali anali atathamangira kale kunja. Anapereka matumba awo kwa mayi wa nsalu uja kuti akawasungire, ndipo anabwerera akudziyankhulira kuti anawalakwira chiyani achimwene awo kuti awapatse mwana wotere.

Kupinda chinyumba chopopa si ntchito ya munthu mmodzi. Ndi cholemera, ndipo chimaterera. Mwayi wake, mizere ya mmene chinapindidwira ku fakitale inali ikuonekabe. Phuma anagwira kona imodzi, azakhali ina. Ofisala wachinyamata uja anapinda manja a malaya ake ositidwa bwino aja n'kugwira mbali yolemera, ngakhale ankadziwa kuti umboni umenewu ukugwera iye.

"Mbali iyi ibwere pamwamba," ankalamula Phuma. "Ayi, achimwene, tsatani mzerewo. Kokani pang'ono. Basi, pomwepo."

Ali mkati mopinda, basi yawo inatuluka pageti. Phuma anaimva ikusintha magiya, koma sanatembenuke. Anthu a basi yotsatira anali atadzaza kale mu shedi, ndipo atamva nkhaniyo anasiya katundu wawo n'kupanga bwalo. Ena ankati zitheka, ena ankati mwanayu akutaya nthawi. Bambo wina wonenepa anakwera pa sikelo kuti aone bwino, ndipo anthu anaseka ataona muvi wa sikeloyo ukuzungulira.

Anapinda koyamba, mabowo awiri anakumana. Anapindanso, anakumananso. Phuma ankalowetsa chala nthawi iliyonse kuti asaphonyane. Pomaliza chinyumba chonse chinabwerera kukhala mtolo, ndipo pamwamba pake pankaoneka kabowo kamodzi kokha.

"Bweretsa chitsulo," anatero bwana. Anachilandira yekha. "Sindikankha. Chikakana, chakana."

Bwana anaika nsonga pa kabowo kaja, anaimika chitsulo chilili, n'kuchotsa dzanja.

Chitsulocho chinatsetsereka chokha, pang'onopang'ono, kenaka chinamveka chikugunda simenti pansi.

Shedi yonse inaphulika. Amayi analuluta, bambo wa pa sikelo uja anatsala pang'ono kugwa, nkhunda zinabalalika kudenga. Phuma anadumpha n'kuwakumbatira azakhali, n'kuwapaka guluu pa bulauzi yawo yatsopano.

"Ndisiye, iwe," anatero azakhali, koma nawonso ankaseka.

5. Chipukuta misozi

Mu ofesi ya bwana munali tebulo, mipando iwiri ya alendo, ndi fani imene inkangotembenuza mutu osatulutsa mphepo. Bwana anajambula zithunzi, analemba zimene zinachitika, ndipo ofisala uja anasayina yekha popanda womukakamiza. Phuma ankagwedeza miyendo. Ankaganiza kuti akangotuluka muno akamatanso zigamba zake, akwere basi yotsatira.

"Tsopano undimvetsere mpaka ndimalize," anatero bwana, "chifukwa azakhali ako andiuza dzina lako. Ofesi yathu yavomera kuti yakuonongera katundu. Koma chipukuta misozi sichituluka m'kabati yangayi. Pali munthu amene amabwera kudzayesa zinthu zoonongeka, ndi amene amanena ngati chinthu chikonzedwe kapena chigulidwe china. Ameneyo abwera sabata yamawa, ndipo ayenera kuchipeza chinyumbachi mmene chilili, chosamata. Ndiye kuti chitsala kuno, tichitsekera mosungira katundu. Ngati sukufuna, palibe akukuletsa. Chitenge, ukamate, ukachite bizinesi yako, koma ukatuluka nacho pageti usadzabwerenso kudzadandaula. Anthu ambiri amasankha zimenezo chifukwa chothamanga, kenaka amakanena kunja kuti ife sitilipira. Njira ilipo, koma ndi ya anthu odekha."

"Sabata yamawa?" anatero Phuma. "Koma Loweruka lino..."

Anayang'ana azakhali. Iwo ankachotsa guluu pa bulauzi ndipo sanadzutse mutu.

Phuma anapempha kuti akachionenso chinyumbacho. Anapita mu shedi, anatukula mbali imodzi, n'kuyang'anitsitsa mabowo amene anali asanawafikire pomata paja. Awiri anali pa msoko weniweni, pamene khoma limalumikizana ndi podumphira.

Anabwerera mu ofesi akuyenda, osati kuthamanga.

"Bambo anga ali ndi lamulo," anatero. "Amati tayala likabooka m'mbali sitimata, ngakhale mwini wake agwade. Amati chigamba cha pamenepo chimagwira uli pa malo, n'kukakutaya uli pa liwiro. Mabowo awiri ali pa msoko. Ndikamata chiima, chioneka bwino. Koma mukhala ana a eni ake akudumpha."

Zinkamupweteka, ndipo sanabise.

"Chitsale, bwana."

Azakhali anasiya bulauzi ija n'kumuyang'ana. "Bwana, mundilembereko tsiku la lero penapake," anatero. "Kunyumba sakandikhulupirira."

Ofisala wachinyamata uja ndi amene ananyamula chinyumbacho pa wilibala. Phuma anamuperekeza mpaka pakhomo la mosungira katundu, anaona akumangirira chikwangwani cha dzina lake, anaona chitseko chikutsekedwa ndi loko wamkulu. Anatsala ndi kapepala kodindidwa, ndi kabokosi ka zigamba zopindikapindika.

Anakakhala pa benchi kunja, kudikira basi ina. Dzuwa linali likadali pamutu. Phuma ankasenda guluu wouma ku zala zake pamene foni ya azakhali inalira. Iwo anayang'ana dzina, n'kumupatsira.

"Ndi achimwene. Yankha wekha."

"Halo, Phuma, mwadutsa paboda?" Mawu a bambo ake anali okwera, achimwemwe, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la ana. "Kuno ntchito ndaweruka msanga. Ndasesa bwalo lonse, ndatola timisomali tonse, ndakoka waya wamagetsi mpaka panja. Ana a mumsewu muno akana kupita kukadya, akuti achione kaye. Ndipo ahedi ali pompano, akuti makolo onse awauza kale za Loweruka, akufuna akuyankhule. Tandiuza, mwanangu, chinyumba chathu chili bwino?"

Funso linatha. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti funso lithe Phuma asanayankhe. Anayang'ana chitseko cha loko chija, anayang'ana kapepala kali m'dzanja lake, n'kupuma mozama.

"Ababa," anatero, "ahediwo muwauze adikire pang'ono. Inuyo pezani kaye pokhala."